Chilengezo: tithandizane kulemba mapepala a kukhoti

Abale ndi alongo a gulu lathu kuno ku Johannesburg,

Loweruka lino tikatha zachipereganyu, titsalire pang'ono tithandizane kulemba mapepala a ku Small Claims Court, makamaka inu amene munakongoza munthu ndalama koma pano sakuyankhanso foni.

Khotili limamva milandu ya ndalama zochepa (mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20 000), ndipo loya saloledwa kukuyimirani, mumadziyankhulira nokha. Musanapite kwa kalaliki wa khoti, wangongoleyo ayambe walandira kalata yomupatsa masiku 14 kuti abweze. Chonde sungani umboni woti kalatayo inamufika, poti popanda umenewo chisamani sichituluka.

Mubwere ndi chiphaso, malisiti, mauthenga a WhatsApp osindikiza papepala, komanso dzina lonse ndi adiresi yeniyeni ya munthuyo. Kungoti "achimwene a ku Yeoville aja" sikukwanira ayi.

Kalaliki amathandiza ulere.

Ife a komiti