Mutu wa mlongo wanga wabwerera, koma shuga wayamba kukwera: nditani?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 36. Kwathu ndi ku Ntcheu koma ndikukhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, komwe ndimasamalira gogo wina wodwala shuga. Nkhani yanga ndi ya mlongo wanga wamng'ono, wa zaka 24, amene ndikukhala naye. Dzina sinditchula, Amalawi kuno timadziwana.

Chaka chatha mwanayu anasokonekera mutu. Ankamva mawu a anthu osaoneka, ankati anzake a ku ganyu yomanga nyumba akumupangira chiwembu, usiku osagona. Kuchipatala anati ndi schizophrenia, n'kumupatsa olanzapine woti azimwa pogona. Mankhwalawa ndisawanyoze, Azakhali, anandibwezera mlongo wanga. Pano akugona, akuseka, wabwerera ku ganyu, Lamulungu akuimbanso kwaya.

Koma thupi lake lasintha moti amene anamulandira pa Park Station tsiku lomwe anafika sangamuzindikire. Thalauza ankavala 30, lero 38 ikumuthina. Ndipo si dyera ayi. Madzulo amadya nsima mitanda inayi, pakati pa usiku ndimamva chitseko cha furiji, m'mawa ndimapeza buledi yense watha, mwini wake ali pampando wazyolika. Ku ganyu ndiye kota (buledi woikamo tchipisi ndi soseji), magwinya (mandasi a kuno) ndi Coke, poti zotchipa ndi zomwezo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achemwali, ndimadya ndithu, koma mimba sinena kuti basi."

Poti ntchito yanga ndi yobaya gogo pachala m'mawa uliwonse, ndinagula kamakina kangakanga koyezera shuga n'kumuyeza mlongo wanga asanalawe kanthu. Kanaonetsa 6.7. Ndikudziwa kuti ikafika 7.0 madokotala amayamba kunena za matenda a shuga. Mayi athu ali ndi shuga, ndipo amalume anadulidwa mwendo ndi nthenda yomweyi asanatisiye. Nkhongono zinandithera.

Chomwe chinkandizunguza mutu n'chakuti kutchalitchi kwathu kuli m'bale wina amene amamwa mankhwala omwewa, ndipo anayamba kale kuposa mlongo wanga, koma thupi lake lili chikhalire. Ndinafunsa adokotala kuti izi zimatheka bwanji. Ndi mtsikana wodekha, anandipatsa nthawi ngakhale panja panali mzere wautali. Anati pa mankhwala a matenda amenewa, olanzapine ndi clozapine ndiwo amanenepetsa kwambiri, risperidone ndi quetiapine ali pakatikati, pomwe aripiprazole ndi haloperidol amanenepetsa pang'ono. Olanzapine amatseka malo a mu ubongo amene amauza munthu kuti wakhuta, komanso amasokoneza kagwiridwe ntchito ka insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, moti shuga ndi mafuta a m'magazi zingakwere ngakhale mwa munthu amene sananenepe kwenikweni. Achinyamata amene akumwa koyamba ndi amene amanenepa msanga, makamaka miyezi yoyambirira. Koma zoti uyu anenepe, uyo asanenepe, anati mbali ina ndi chibadwa. Anandilembera papepala mayina awiri, MC4R ndi HTR2C, tizigawo ta DNA tokhudza njala ndi kukhuta, timene timasiyana pang'ono munthu ndi mnzake.

Pepala limeneli ndi lomwe landisowetsa tulo. Nditawerenga pafoni ndinapeza kuti HTR2C imakhala pa mbali ya DNA yotchedwa chromosome X, imene mwana wamwamuna amatengera kwa mayi ake okha. Azakhali, abale a kwa bambo akhala akunena chiyambire kuti misala imeneyi ndi ya kuchikazi. Akadzangomva kuti ngakhale sayansi yatchula mayi, ndiye kuti apeza ndodo yowakwapulira amayi, amene akuvutika kale ndi shuga wawo. Chonsecho MC4R munthu amatengera mbali zonse ziwiri, ndipo adokotala ananenetsa kuti palibe kachigawo kamodzi kamene kamagamula zonse. Tilipo tambiri, kalikonse kamangowonjezera pang'ono, kenako pamabwera zakudya, kusayenda, ndi zina. Ngakhale fodya ali momo: mwanayu anasiya kusuta atagonekedwa m'chipatala, ndipo utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa olanzapine msanga, choncho munthu akasiya kusuta, mankhwala amatsala ambiri m'magazi. Anamuchenjeza kuti asayerekeze kuyambiranso kusuta, mlingo wa mankhwala ndi umene angaukonze iwowo. Koma zonsezi ndingazifotokoze bwanji pafoni kwa anthu amene anagamula kale mlandu?

Kumudzi nkhani ili pawiri. Ena akaona zithunzi zake pa WhatsApp akuti Joni yamuyanja, ndalama zikuoneka, atumizeko ya feteleza. Ena akuti mapiritsi a azungu amutupitsa, awasiye apite kwa mneneri. Amayi akungoti abwere kumudzi. Kwathuko mankhwala amene ndimamva kwambiri ndi chlorpromazine ndi haloperidol, ndipo chipatala chachikulu cha matendawa chili ku Zomba, kutali ndi ku Ntcheu kwa munthu wopanda ya thiransipoti.

Palinso nkhani ya kuyezetsa DNA. Ndaona makampani akutsatsa kuti amangopukuta kathonje m'kamwa n'kukuuza mankhwala amene akuyenera thupi lako. Sikotchipa, ndipo ndalama zomwe ndili nazo ndi zomwe ndikusunga kuti ndigulire amayi malata. Adokotala sanandibisire. Anati kuyeza kumeneku sikunafike poti n'kuneneratu motsimikiza kuti uyu adzanenepa kapena ayi, ndipo kafukufuku wambiri anachitikira pa azungu ndi anthu a ku Asia, osati pa ife. Chimene amayeza kwambiri ndi kachigawo kena ka DNA, CYP2D6, komwe kamasonyeza liwiro limene chiwindi chimaphwanyira mankhwala monga risperidone ndi aripiprazole, koma pa olanzapine kalibe mphamvu kwenikweni. Komabe ndinawerenga kuti pali mtundu wina wake, CYP2D6*17, umene umachedwetsa ntchitoyi ndipo umapezeka kwambiri mwa ife anthu akuda a mu Africa. Anaufotokoza mu 1996 ndi katswiri wa ku Zimbabwe, Collen Masimirembwa, pamodzi ndi anzake. Ndiye ndikuti, ngati angamusinthire ku aripiprazole, kuyezako sikungathandize kuti mlingo ukhale woyenera? Kapena ndingotaya malata a amayi pa pepala limene kuchipatala cha boma sakaliwerenga n'komwe?

Njira zomwe atipatsa ndi ziwiri. Apitirize olanzapine koma awonjezere metformin, mankhwala a shuga, uku akumuyeza sikelo, m'chiuno, BP, shuga ndi mafuta pafupipafupi. Kapena amusinthe pang'onopang'ono, podziwa kuti matenda angathe kubwerera. Kusiya mwadzidzidzi anakaniza kwamtuwagalu. Ine mtima wanga uli pa metformin, chifukwa ndine ndinkagona pakhomo kuti asatuluke usiku, ndipo sindikufuna kuzionanso. Koma mwini wake akukana. Akuti metformin ndi amene amamwa amayi, akangoyamba ndiye kuti wavomera kuti nayenso adzadulidwa mwendo ngati amalume. Akutinso atsikana a m'kwaya ayamba kumutchula kuti abigi. Sabata yatha poyala bedi ndinapeza mapiritsi awiri pansi pa matiresi. Sindinamufunsebe.

Ndithandizeni, Azakhali. Za mapiritsiwa ndimufunse ndekha, kapena ndikanene kwa adokotala iye ali pomwepo? Ndi munthu wamkulu, thupi ndi lake, ndipo ndikuopa kuti ndikamupanikiza adzayamba kundibisira zambiri. Amayi ndiwauze zoona zonse za chibadwachi kapena ndingonena kuti ndi mankhwala basi? Nanga ana anga awiri amene ali ndi amayi kumudzi, ndiyambiretu kuwayezetsa shuga? Ndipo ngati pali owerenga anu amene anadutsamo, anasintha mankhwala kapena anayezetsa DNA kuno ku Joni, andiuzeko momwe zinawathera.

Tsiku lokaonana ndi adokotala ndi kumapeto kwa mwezi uno. Chonde mundiyankhe lisanafike.

Ine mlongo wodandaula,
Rosettenville, Johannesburg