Kalata ya abusa: Ngongole za banki m'khonde m'mabanja athu

Kwa akhristu onse m'milaga yathu yonse,

Okondedwa mwa Ambuye, chisomo ndi mtendere zikhale nanu. Ndakulemberani chifukwa cha madandaulo amene akundipeza kuchokera m'magulu a banki m'khonde a amayi athu, pamene nyengo yogawana ndalama m'mwezi wa Disembala ikuyandikira.

Palibe amene angatsutse kuti maguluwa atithandiza. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ndi kukokolola minda mu Malichi 2023, mabanja ambiri anayambiranso ndi ndalama za m'kabokosi ka maloko atatu kaja, kamene makiyi ake amasunga amayi atatu osiyana. Amayi amene amalawirira kukapikula matemba ku Kachulu n'kukagulitsa pa Jali kapena pa Songani ndiwo alipirira ana fizi ku sekondale ndi kufolera nyumba ndi malata.

Koma abambo, mawu anga ali kwa inu. Ena mwa inu mukutuma akazi anu kuti akakongole m'dzina lawo, mukunena kuti ndi za feteleza kapena zokonzetsera njinga ya kabaza, kenaka ndalamazo zikuthera ku kachasu ndi kubetcha mpira. Tsiku lobweza likafika, inu mwasowa, ndipo chiwongoladzanja chikukwera pamutu pa mayi amene sanadyeko ngakhale tambala. Sabata yatha ndinaona ndi maso anga mbuzi ziwiri zikukokedwa pakhomo pa mkhristu wathu, mapoto ali pamitu ya amayi anzake a Mvano, mwini wake atakhala pakhonde ataphimba nkhope ndi chitenje. Mwamuna wake anali pa bawo. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ena mwa ochita zimenezi amakhala kutsogolo m'tchalitchi Lamulungu lililonse.

"Woipa akongola, wosabweza" (Salmo 37:21). "Koma ngati wina sadzisungiratu mbumba yake ya iye yekha, makamaka iwo a m'banja lake, wakana chikhulupiriro iye, ndipo aipa koposa wosakhulupira" (1 Timoteo 5:8). Bambo aliyense amene wadya ndalama ya gulu kudzera mwa mkazi wake abweze yekha tsiku logawana lisanafike. Amene akane ayembekezere kuitanidwa pamaso pa akulu ampingo, kaya ali ndi udindo kaya alibe.

Inunso amayi, lekani kukongola m'gulu lina kapena kwa akatapila kuti mutseke ngongole ya gulu loyamba.

Loweruka likudzali nthawi ya 2 koloko masana, apampando, alembi ndi asungichuma a magulu onse afike kutchalitchi ndi mabuku awo a masheya, ndipo abambo okhudzidwa abwere okha osadikira kutumiziridwa uthenga. Banja lililonse likumbukirenso K1,000 ya malata a chisakasa chokumaniramo amayi, popeza mvula yayandikira ndipo iwo akukumanabe pansi pa mtengo wa mango. Ndalamazo mupereke kwa madikoni a m'milaga yanu.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,
Mbusa wanu