Lipoti la msonkhano wokonza mpikisano wa achinyamata olemba ndi ojambula

Abusa, akulu a mpingo ndi achinyamata anzanga, ndabwerako kumsonkhano wa ku presbiterio kumene munandituma. Zikomo chifukwa cha ndalama yoyendera. Tinakhalako masiku awiri, ndipo nkhani inali ya mpikisano wa chaka chino wa ndakatulo, nkhani zazifupi, nyimbo, sewero ndi zojambula.

Chomwe chinatidyera nthawi ndi chiyankhulo. Nthumwi zina zimafuna kuti zolemba zonse zikhale m'Chingerezi, ati ndi mmene ana athu angadziwikire kunja. Apa bambo wina, mphunzitsi wopuma, anaimirira n'kutikumbutsa za Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma. Iye analemba buku la Nthondo m'Chichewa, ndipo mu 1933 linapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures. Chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi, atalimasulira T. Cullen Young. Ndiye kuti bukulo linapambana lili m'chiyankhulo chathu, Chingerezi chinachita kubwera pambuyo. Bamboyo atakhala pansi, m'holo munangoti zii. Tinamanga mfundo yoti aliyense alembe m'chiyankhulo chimene amapempherera. Ine ndinakweza dzanja ndi mtima wonse, pokumbukira ana athu a Sande sukulu amene amalakatula mpaka amayi kululutira pa Khirisimasi, koma ukawapatsa Chingerezi lilime limawalemera.

Zolemba pamanja zilandiridwanso. Wopanda kompyuta alembe mooneka bwino m'kope, mlembi wa achinyamata ajambule pa foni n'kutumiza pa WhatsApp.

Madzulo anationetsa zomwe zinapambana chaka chatha. Chimodzi sichikundichoka m'maso. Mtsikana wa fomu 2 anajambula ndi makala pa katoni ya sopo: Yesu ataima m'bwato losema, asodzi akukoka khoka lodzaza usipa, wina kabudula atang'ambika pa bondo. Ena anang'ung'udza kuti Ambuye sanali wa kunyanja kwathu kuno. Oweruza anayankha potchula malo a Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe amisiri akhala akusema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi nkhope zathu zomwe. Ndinaima pa katoni ija nthawi yaitali, mpaka anzanga anandisiya kupita kukadya.

Pa za mphoto sitinamvane msanga. Mapeto ake, opambana adzalandira Buku Lopatulika, makope, utoto ndi maburashi, ndipo amene ali pasukulu ndalama yawo idzapita ku fizi, osati m'manja. Zolemba zopambana zidzasindikizidwa m'kabuku, dzina la mwini wake lili pamwamba, ndipo umwini udzakhalabe wa wolembayo. Oimba analangizidwa kukalembetsa nyimbo zawo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso. Ine ndinapempha kuti osapambana nawonso azilandira kakalata kowauza pomwe pavuta, chifukwa mwana amene watumiza ndakatulo n'kungomva kuti zii sabwereranso. Komiti yati iganizapo, ndiye ndikupempha abusa kuti akatikumbutsire akakakumana ndi anzawo.

Panamvekanso dandaulo loti chaka chatha ndakatulo ina inapezeka kuti inakoperedwa pa intaneti. Tsopano amene afika m'ndime yomaliza aziitanidwa kudzawerenga okha ndi kufotokoza mmene analembera.

Kwa ife pano, chofunika ndi anthu awiri oti azikhala ndi anawa Loweruka masana, kumamvetsera zolemba zawo ndi kuwawongolera. Ine ndadzipereka kukhala mmodzi. Tikufunanso kuti mpingo utibwereke chipinda cha Sande sukulu ndi kutigulira makope ndi mapensulo. Mafomu olowera ndawasiya kwa mlembi, ndipo ofuna atenge tikaweruka Lamulungu lino.