Kalata kwa Mnzanga: Za Zigawo Zosadziwana

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti alamu ali bwino. Za ukwati wa mng'ono wako tidzakambirana tsiku lina, chifukwa chimene chandisowetsa tulo ndi kudzitama kwako kuja, kwakuti pulogalamu yanu ya pakompyuta mwaimasula yonse, moti palibenso chigawo chodziwa chinzake popeza zonse zikulankhulana kudzera mu njira yotchedwa Observer.

Njirayi sindikuinyoza ayi. Chigawo chimodzi chimangolengeza kuti chinachake chasintha, ndipo zigawo zimene zinalembetsa zimalandira uthengawo popanda wolengezayo kuzidziwa. David Parnas analemba kale mu 1972 kuti chigawo chilichonse chizibisa zimene zingadzasinthe, ndipo Observer ndi imodzi mwa njira 23 za m'buku la Design Patterns la mu 1994. Koma tandiyankha: mwa omvera atatu (zigawo zolembetsa zija), ndani amalandira uthenga poyamba? Ngati chigawo chowerengera chikufuna kuti chigawo chosunga deta chikhale chitamaliza kale ntchito yake, ndiye kuti ziwirizo zikudalirana ndithu, kungoti kudaliranako sikuonekanso m'khodi. Kwabisala m'ndondomeko imene zinalembetsera, imene wina angaisinthe mawa osadziwa kuti waphwanya kanthu. Nanga womvera akalengeza uthenga wake asanamalize kuyankha woyamba? Nanga amene anaiwala kudzichotsa pamndandanda, n'kumangodya memory (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito) mpaka kalekale? Mnzathu wamagalasi uja wayamba kundizemba, akuti ndasanduka mlaliki wa ma event (mauthenga olengezedwa aja), koma iye sanayankhepo ngakhale funso limodzi.

Mayeso a pulogalamu a masiku onse sagwira zoterezi kawirikawiri, chifukwa amangoyesa ndondomeko imene wolemba mayesoyo anaiganizira. N'chifukwa chake ndikukupempha kuti ulembe kapangidwe kanu m'chinenero cha masamu, monga TLA+ ya Leslie Lamport kapena Alloy ya Daniel Jackson. Umalongosola mmene zinthu zingakhalire, masitepe ololedwa, ndi lamulo limene siliyenera kuswedwa, kenako kompyuta imayesa ndondomeko zonse zotheka pa chitsanzo chaching'ono mpaka itapeza yoswa lamulolo. Akatswiri a ku Amazon analemba mu 2015 kuti TLA+ inawapezera vuto mu DynamoDB, nkhokwe yawo ya deta, limene linkaoneka pokhapokha patachitika masitepe 35 motsatizana. Iwe amene umasokonezeka ndi ma loop (malangizo obwerezabwereza m'khodi) awiri okha, ungasunge masitepe 35 m'mutu?

Ndikudziwa kuti undiyankha kuti muikapo Mediator, chigawo chapakati, kuti aziyendetsa ndondomekoyo ngati wapolisi wapamsewu. N'zoona kuti pamenepo kudalirana kumaonekera pamalo amodzi, koma chigawocho chimanenepa mwezi ndi mwezi mpaka aliyense amaopa kuchikhudza, ndipo ine ndikuona kuti vuto lenileni ndi lakuti...

Maso akana, ndipo pepala latha. Unditumizire mndandanda wa ma event anu onse, ndidzapitiriza ndikauona.

Ndine mnzako.