Tikadula munthu mumpingo, tizimutumira womuyendera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi akulu ampingo anzanga kudzera m'nyuzipepala yanuyi, pakuti nkhaniyi ndinaitulapo kale kuseshoni kwathu, bwalo la akulu ampingo, koma inathera pa "tidzaiona".

Masabata atatu apitawo, pa nthawi ya zolengeza, mlembi wathu anawerenga dzina la mtsikana wina wa m'kwaya kuti wadulidwa chifukwa ali ndi pathupi. Dzinalo linabwera pakati pa chilengezo cha kulambula kumanda ndi cha zopereka za masika. Mwanayo anali momwemo, benchi yachiwiri kuchokera kumbuyo, nkhope atabisa m'chitenje. Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso patchalitchi. Lamulungu lapitali ndinafunsa akulu anzanga ngati alipo amene wapita kukamuona. Panalibe, ndipo ine wofunsane ndinali ndisanapitenso.

Benchi imeneyo ndimaidziwa, ndinakhalapo. Mu 2002, chaka cha njala ija imene boma linachita kulengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi, ine ndinali msungichuma wa mpingo wathu. Tinkasonkha ndalama zogulira malata a tchalitchi. Kunyumba ana asanu ankagonera phala la gaga, masiku ena zitsa za nthochi. Ndinatapa ndalama za malatazo n'kukagula matumba awiri a chimanga kwa mavenda, ndikudziuza kuti ndikagulitsa fodya ndidzabwezera munthu asanadziwe. Patapita mwezi ndinatapanso. Fodyayo sanabweze ngakhale za feteleza, ndipo tsiku lowerengera chuma litafika, za m'buku ndi za m'thumba zinasiyana kutali.

Sindikufuna njala indiyimire pa mlanduwu. Amene anasonkha ndalamazo analinso ndi njala, ena anaika ana awo m'manda chaka chomwecho, koma sanabe. Ine ndinaba. Seshoni inandidula, ndipo inalondola.

Chimene sindinachiyembekeze n'chakuti pakhomo panga padzazizira chotero. Anthu amene tinkadyera nawo mbale imodzi pa misonkhano ankati akandiona pamsika, n'kuyamba kufunsa mtengo wa tomato amene sakufuna kugula. Ana anga kusukulu ankatchedwa ana a malata. Mayi akunyumba ankavalabe yunifolomu yawo n'kupita ku mapemphero a amayi, koma pobwera ankangolowa kuchipinda osayankhula. Palibe amene anandinyoza pamaso. Anangondisiya, ndipo pamene pankatha miyezi iwiri ndinali nditayamba kudziwa khomo lililonse lotchezera kachasu m'mudzi mwathu.

Anandibweza ndi gogo wina, mmisiri wa matabwa, amene anatisiya kale. Sanali mkulu wampingo ndipo palibe anamutuma. Anafika Lachinayi lina m'mamawa n'kunena kuti, "Achimwene, ndamva kuti kudimba kwanu kwamera thengo, ndibwerekeni khasu." Tinalima mpaka dzuwa kufika paliwombo osatchula za malata. Lachinayi lotsatira anabweranso. Atabwera kachisanu anatulutsa kope la ana asukulu m'thumba la jekete, nati tilembe ngongole yonse osabisa ngakhale tambala, ndiponso mmene ndidzabwezere. Ndinalira ngati mwana tsiku limenelo, chifukwa aka kanali koyamba munthu kundiyankhula ngati ndidakali ndi mawa mumpingo. Ndinabweza ndi mtedza wa zaka ziwiri. Ku kalasi ya obwerera ankandiperekeza n'kumandidikira pansi pa mtengo wa mango, ndipo tsiku limene ndinalandiranso Mgonero anakhala pambali panga.

Patatha zaka zingapo, gogo yemweyo anaimirira pa msonkhano n'kupempha kuti ndikhale m'gulu lowerenga chopereka. Wina anafunsa ngati mbuzi amasungitsa fisi. Funsolo silinali lopusa, ine ndemwe ndinkadzifunsa. Gogoyo anayankha ndi nkhani ya Petro. Anawakumbutsa kuti mu Yohane 18 Petro anakana Ambuye akuotha moto wa makala, ndipo mu Yohane 21 Yesu anamudikirira m'mbali mwa nyanja atasonkhanso moto wa makala, pali nsomba ndi mkate. Anamufunsa katatu ngati amamukonda, monga momwe anakanira katatu, ndipo pa yankho lililonse ankamupatsa ntchito yoweta nkhosa. Gogoyo anati Yesu sanangouza Petro kuti wakhululukidwa azikhala kumbuyo. Anagwirizana kuti ndiziwerenga pamodzi ndi anthu ena awiri, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira ndi wina aliyense, wakuba kale ngakhale wosaba.

Choncho asandimve molakwa akulu anzanga. Sindikunena kuti mwambo uthe. Mpingo wosadzudzula tchimo sukonda anthu ake. Koma taonani mmene tinakonzera zinthu. Kudula kuli ndi dongosolo lonse: kuitana munthu, kumufunsa, kulemba m'buku, kulengeza. Kubweza tinakusiyira wolakwayo kuti adzilimbitse yekha mtima, adzuke yekha, adzalowe yekha pakhomo pamene anatulukira ndi manyazi. Chikhalirecho Paulo pa Agalatiya 6:1 akupereka ntchito yobweza wogwa kwa auzimuwo, osati kwa wogwayo, ndipo akuti ichitike mofatsa. Pa 2 Akorinto 2 akuuza mpingo umene unalanga munthu kuti chilangocho chakwana, tsopano amutonthoze kuti chisoni chingamumize. Ine chisoni chimenecho chinatsala pang'ono kundimiza, ndipo ndinali bambo wa zaka makumi anayi. Nanga mwana amene sanamalize n'komwe sekondale?

Pali china chimene chimandisowetsa tulo. Tchimo la mtsikana limaonekera pamimba, ndiye dzina lake limawerengedwa msanga. Amene anamupatsa mimbayo nthawi zambiri sitimufunafuna n'komwe, makamaka akakhala munthu wodziwika kapena wopereka kwambiri pa chitukuko. Nkhani za otere zimathera m'chipinda cha akulu chitseko chili chotseka. Ana athu amaona zimenezi, ndipo akamachoka kupita ku mipingo ina kapena kungokhala kunyumba, timati achinyamata a masiku ano ndi osamva. Boma linayamba kulola atsikana obereka kubwerera kusukulu mu 1993. Zimandichititsa manyazi kuti mphunzitsi wamkulu angathe kusungira mwana desiki yake, pamene ife olalikira za mwana wolowerera sitimusungira malo m'kwaya.

Pempho langa si lalikulu ndipo silifuna ndalama. Tsiku limene seshoni ikulemba dzina la wodulidwa, pa mzere womwewo ilembenso dzina la womuyendera, mayi kwa mayi, bambo kwa bambo, ndipo pa seshoni iliyonse woyenderayo azifunsidwa kuti wapitako kangati. Zisadalire kuti mwina papezeka gogo wachifundo ngati amene ndinapeza ine, chifukwa ambiri amene anadulidwa nthawi imodzi ndi ine sanamupeze, ndipo ena anamwalira ali kunja, maliro awo opanda nyimbo. Tsiku lobweza munthu lizimvekanso monga linamvekera tsiku lomudula. Kwathu kuno dzina la wobwerera limawerengedwa mothamanga anthu akutolera kale mabuku awo. Abusa aimirire, amugwire dzanja, mpingo uyimbe. Ndipo akabwerera, apatsidwe chogwira. Munthu amene wakhululukidwa pakamwa koma osaloledwa ngakhale kuyala nsalu patebulo amadziwa bwino kuti mlandu wake sunathe.

Lachinayi likubwerali ine ndi mayi akunyumba tikupita kwa mtsikana uja. Mayiwo akonza kale nsalu ziwiri ndi sopo. Ndalankhulanso ndi wotsogolera kwaya, ndipo wavomera kuti tipitire limodzi kukamuuza kuti buku lake la nyimbo lili m'kabati, palibe amene wapatsidwa.

Mkulu wampingo,
Dedza