Lipoti la msonkhano wa kaphunzitsidwe ka chimangirizo kwa ophunzira zaluso

Apampando, akomiti ndi aphunzitsi anzanga nonse a zaluso kuno ku Mzuzu,

Msonkhano umene munanditumako ku Lilongwe unali wa masiku atatu. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndawasiya kwa msungichuma, ndipo mapepala onse amene anatigawira ndabwera nawo. Tsiku loyamba linatha ndi malonje, zoyankhula za alendo olemekezeka ndi kubwereza silabasi imene tonse tili nayo kale. Phindu la ndalama zanu lili pa tsiku lachiwiri.

Funso la tsikulo linali lakuti, bwanji mwana wosema kapena wojambula bwino, ukamuuza kuti alembe za ntchito yake, amalemba mizere itatu basi n'kugwira njakata? Wotsogolera gawolo anati vutoli timaliyambitsa ndife. Timalemba pabolodi mutu wonga "Kufunika kwa zaluso m'dziko", popanda chinthu choti mwana achione, ndiye iye amangolavula zimene analoweza. Chimangirizo cha mwana wa zaluso chiyenera kuyambira pa chinthu chimene chili patebulo, kaya ndi chiboliboli, mbiya, chitenje kapena chithunzi.

Njira imene tinayeserera ndi ya Edmund Feldman, mphunzitsi wa zaluso wa ku America amene anaifalitsa mu 1970. Ili ndi magawo anayi: kufotokoza zimene ukuona, kusanthula mmene zayalidwira, kumasulira tanthauzo, kenako kugamula. Imakwana m'mapiriyodi awiri ophatikiza, mphindi 80. Mphindi 10 zoyamba ana amakhala chete, aliyense n'kulemba zinthu 15 zimene akuziona ndi maso. Mawu akuti "chokongola", "chabwino" ndi "chosangalatsa" amaletsedwa, chifukwa mwana akangowalemba amaona ngati wamaliza ndipo amasiya kuyang'ana. Pa chosema cha mayi atasenza mtsuko, zinthu zisanu zoyamba zimabwera msanga, monga mutu, manja, mtsuko. Zothandiza zimatuluka kuyambira pa chachikhumi, mwana akayamba kuona kuti khosi lafupikitsidwa kapena kuti mapazi ndi aakulu kuposa thupi. Ndiye musachepetse nambalayo pofuna kupulumutsa nthawi. Mphindi 15 zotsatira amaika zimene aonazo m'magulu: mizere, mitundu, kukula kwa ziwalo, kusalala ndi kukhakhala.

Pofika apa mwana aliyense amalemba chiganizo chimodzi chokha, mfundo yake, n'kuchiwerengera mnzake wokhala naye. Mnzakeyo akalephera kunena kuti "ayi", chiganizocho si mfundo. "Ichi ndi chosema cha mayi atasenza mtsuko" palibe angatsutse, choncho chimangirizo sichingachokepo. Koma "Wosemayu akufuna tione kulemera kwa katundu, osati nkhope ya mayiyo" munthu angakane, ndipo wolembayo ayenera kudziteteza.

Kudzitetezako kumachitika m'ndime ya zigawo zinayi, yotengera maganizo a mu 1958 a Stephen Toulmin, katswiri wa kaikidwe ka mfundo. Choyamba mfundo ija. Chachiwiri umboni wochokera pa chosemacho: khosi lalowa m'mapewa, nkhope yasalazidwa yopanda tsatanetsatane, koma pamtsuko zipsera za chisemelo zasiyidwa. Chachitatu ndi mlatho, chiganizo chonena chifukwa chimene umboniwo ukuchirikizira mfundo: diso la munthu limaima pokhakhala ndipo limatsetsereka posalala, choncho wosema walikokera ku mtsuko. Chachinayi ndi kuyankha wotsutsa. Wina angati khosilo lafupika chifukwa mtengo unali waufupi, ndiye wolemba amuonetse kuti kunsi kwa mapazi kwatsala mtengo wambiri umene wosema sanaufune.

Mlathowu ndi umene ana ambiri amaulumpha. M'maso mwawo kugwirizana kwa umboni ndi mfundo n'koonekeratu, ndiye saona chifukwa cholembera. Mankhwala ake ndi funso limodzi lolembedwa m'mphepete mwa kope, lakuti "Ndiye zikusonyeza chiyani?" Zolakwika zina zimene tinaziona m'makope amene anabweretsa ndi izi. Ena amasimba nthano ya mayiyo, kumene akuchokera ndi zimene adye madzulo, zomwe pachosemacho palibe. Ena amadzaza tsamba ndi mbiri ya mmisiri yokopera pa foni. Ena amathira mfundo ziwiri m'ndime imodzi, umboni n'kusokonekera kuti ukuchirikiza iti. Chiyambi ndi mathero azilemba pomaliza, thunthu litaima, chifukwa mwana akayamba ndi chiyambi amathera mphindi 20 akulonjeza zimene sanaziganize.

Pa kuchonga, kwa ife a makalasi a ana 70, ana asinthane makope. Mnzake adule mzere umodzi kunsi kwa mfundo, mizere iwiri kunsi kwa umboni, ndipo azunguze mlatho. Kope lopanda chozunguzidwa libwerere kwa mwini wake lisanafike kwa mphunzitsi. Mukatero, amene amafika patebulo panu ndi makope oti muli ndi chowerengamo.

Tsopano mbali imene sindinagwirizane nayo. Zitsanzo pafupifupi zonse zinali za m'chigawo chapakati. Tinayerekezera zithunzi zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa za pamiyala ya ku Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, ndipo tinaona zithunzi za zigoba za Gule Wamkulu ndi zosema za ku malo a zaluso a Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher anawakhazikitsa mu 1976. Ndi chuma chathu tonse, ndipo kuyerekezera zofiira ndi zoyera ndi mutu wabwino wa Fomu 3. Koma njira yonseyi yaima pa kuona chinthu chenicheni. Mwana wa ku Chibavi kapena ku Luwinga adzaona Chongoni papepala lofotokopa lakuda ndi loyera, pomwe chofiira ndi choyera sizisiyananso. Ndinanena kuti ife tili ndi zathu zoti mwana angazizungulire ndi kuzigwira: ziboliboli za osema a m'tauni muno ndi a pamsewu wa ku Nkhata Bay, zolemba ndi zojambula za pamagolosale ndi pamabala ometera, zovala za ovina Vimbuza, gule amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 limodzi ndi Gule Wamkulu, ndiponso zenera la magalasi amitundu la m'tchalitchi cha ku Livingstonia. Anandiyankha kuti chigawo chilichonse chisonkhanitse zake. Ndiye ntchitoyo yagwera ife.

Msonkhano unagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, ntchito iliyonse yamanja ya kumapeto kwa teremu iziperekedwa limodzi ndi tsamba limodzi la chimangirizo, mawu pafupifupi 300. Ichi ndinachivomera ndi mtima wonse. Chachiwiri, zokambirana zonse za m'kalasi zizikhala m'Chingerezi popeza mayeso a MANEB amalembedwa m'Chingerezi. Apa ndinakana, ngakhale tinagonja pa mavoti. Zolemba zikhale m'Chingerezi, inde. Koma mphindi zija zoti mwana atsutsane ndi mnzake, muloleni atsutse m'Chitumbuka, m'Chichewa kapena m'Chitonga. Mukamukakamiza Chingerezi pamenepo, amasankha mfundo imene ali ndi mawu ake, osati imene waiona, ndipo timabwerera ku "chokongola" kuja. Chigwirizanocho ndi langizo chabe, si lamulo, choncho ndikupempha kuti ife kuno tikambirane tokha.

Ndipo mphindi 80 zija zichokera kuti? Apa ndiyenera kubwezanso nkhani imene takhala tikuidandaula. M'masukulu ena mwathu mapiriyodi ophatikiza a zaluso anadulidwa n'kukhala amodziamodzi, ndipo teremu ya mayeso ikafika amatengedwa n'kupatsidwa masamu ndi sayansi. Chipinda cha zaluso kwina chinasanduka mosungira madesiki othyoka. Kalata imene tinagwirizana kuti komiti ilembere aphunzitsi aakulu sinalembedwe mpaka lero, ndipo ndalama za penti ndi mapepala zimene tinasonkha teremu yatha sitinamve lipoti lake. Njirayi m'mphindi 40 siyitheka. Ana amafika pa mfundo belu likulira, ndipo sabata yotsatira chosema chija chili kwina, zimene anaona aiwala.

Tsiku lachitatu kunali gawo la kugwiritsa ntchito kompyuta pophunzitsa, lomwe silikutikhudza kwenikweni, kenako kugawa masatifiketi.

Ndikupempha apampando atipatse Loweruka limodzi teremu ino isanathe kuti tiyeserere njirayi tokha tisanaipititse kwa ana. Aliyense abwere ndi chinthu chimodzi chogwirika, chosema, choumba kapena choluka, ndi makope asanu a ana ake, abwino ndi ofooka omwe, mayina atabisidwa. Ndikupemphanso kuti aliyense aitane mphunzitsi mmodzi wa Chingerezi wa pasukulu pake, kuti mawu amene tikugwiritsa ntchito pa ndime akhale amodzi, ndiponso kuti kalata ya mapiriyodi ija tidzaisainire tsiku lomwelo.