Wopezeka ndi khansa ya m'mawere asachoke pachipatala opanda mnzake womuimbira foni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za tsiku limene mayi amauzidwa kuti ali ndi khansa ya m'mawere, chifukwa ine tsikuli linandifikira miyezi 6 yapitayo.

Adokotala anandifotokozera mwaulemu ndipo analankhula nthawi ndithu. Koma atangotchula liwu loti khansa, makutu anga anatseka. Ndinkangoona milomo yawo ikuyenda, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva. Pepala la zotsatira za kamnofu kamene anadula pa chotupa ndinalipinda kanayi n'kulikankhira pansi penipeni pa chikwama, ndipo linakhala momwemo masiku asanu. Usiku tulo sitinkabwera. Ndinkagona chagada, dzanja lili pabere lakumanzere, ndikuwerengetsa zaka za ana anga.

Abale anga amandikonda, ndipo sindikuwadandaula. Kungoti aliyense amene ndinamuuza ankagwetsa nkhope, ena kulira kumene, mpaka ine wodwalane ndi amene ndinkawatonthoza. Mawu oti "limbani mtima" ndinawamva kambirimbiri, koma panalibe wondiuza kuti opareshoni ikatha ndidzadzuka ndili bwanji.

Amene anandiuza ndi mayi wina amene ndinakhala naye benchi imodzi pamzere wodikira adokotala. Anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Ndinu atsopano eti, achemwali?" Iwo anachotsedwa bere zaka zitatu zapitazo ndipo tsikulo anangobwera kudzaonedwa. Sanandilalikire. Anandiuza kuti ndigule kope, ndizilemba mafunso ndisanalowe kwa adokotala, komanso ndizibwera ndi munthu wondimverako zimene zikunenedwa. Anandipatsa mafunso atatu oyambira: khansayi ili pa siteji iti, kodi imakula chifukwa cha mahomoni, nanga HER2, puloteni imene imakulitsa khansa msanga, yapezeka kapena ayi. Ine mawu amenewa ndinali ndisanawamvepo, chonsecho anali papepala lomwe lija la m'chikwama.

Anandichenjezanso kuti tsitsi limayamba kuthothoka pakapita milungu iwiri kapena itatu munthu akalandira diripi yoyamba ya kemo, mankhwala amphamvu opha khansa, ndipo kuli bwino kulidula likadali pamutu. Ndinazengereza. M'mawa wina ndinapeza lodzaza papilo, ndinalira, kenako ndinawaimbira. Anangoti, "Eya, ndi nthawi yake. Lidzameranso, langali simukuliona?" Ndi iwonso amene anandikhomerera m'mutu kuti thupi likatentha kufika madigiri 38 uli pa kemo, osadikira kuti kuche, chifukwa mankhwalawa amatsitsa chitetezo cha m'thupi ndipo matenda aang'ono angathe kukula msanga. Anamwino anali atanena zomwezo, koma ndinazisunga nditazimva kwa munthu amene zinamuchitikira.

Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti ankakonda kunena kuti, "Zanga si zanu, kafunseni adokotala." Ananena zoona. Khansa ya m'mawere ili mitundumitundu. Wina amachotsedwa chotupa chokha, wina bere lonse. Wina amayamba ndi kemo, wina opareshoni. Amene khansa yake imadalira mahomoni amamwa mapiritsi monga tamoxifen kwa zaka 5 kapena mpaka 10, pamene mnzake mapiritsi omwewo sangamuthandize. Ndikutsindika pamenepa chifukwa ndinalowako m'gulu lina la pa WhatsApp momwe munthu wina ankauza anzake kuti asiye kemo ayambe mankhwala amene iye ankagulitsa. Mtima unandipweteka, chifukwa ndikudziwa mmene munthu wamantha amagwirira chilichonse chimene wapatsidwa. Mnzako weniweni pa matendawa amakukankhira kuchipatala, ngakhale tsiku limene nseru yakufoola ndipo ukufuna kujomba.

Zoti odwala azithandizana si zachilendo. Mu 1952, Terese Lasser wa ku America, atachotsedwa bere, anayamba kuyendera amayi anzake amene achitidwa opareshoni yomweyo. Ntchito yakeyo inatchedwa Reach to Recovery, ndipo mu 1969 bungwe la American Cancer Society linaitenga n'kuikulitsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Limanenanso kuti pafupifupi theka la odwalawa alibe chiopsezo china chodziwika kupatula kukhala mkazi ndi msinkhu. Ndikanamva zimenezi sabata yoyamba ija, sindikanataya masiku ndikudzifunsa kuti ndinalakwa chiyani.

Nanga bwanji ine mnzangayo ndinachita kukumana naye mwamwayi pabenchi? Akanabwera tsiku lina, bwenzi ndili pati?

Pempho langa likupita kwa oyang'anira zipatala zimene zimathandiza odwala khansa. Funsani amayi amene anamaliza chithandizo ngati angalole kuyenda ndi atsopano. Ovomerawo aphunzitseni pang'ono, makamaka kusunga chinsinsi ndi kudziwa polekezera kuti asamasanduke madokotala. Tsiku lopereka zotsatira, namwino afunse wodwala ngati akufuna kulumikizidwa ndi mmodzi wa iwo. Akakana musamuumirize, ena amafuna kukhala kaye chete, koma nambalayo imulembereni papepala kuti adzaipeze usiku umene adzaifune. Muyesetsenso kufananitsa anthu: mtsikana amene akuda nkhawa ngati adzabereke ali ndi mafunso osiyana ndi a mayi wa zidzukulu. Abambo musawaiwale. Pafupifupi mmodzi mwa odwala 100 a khansayi ndi mwamuna, ndipo iye manyazi amamutsekera pakamwa kuposa ife.

Kwa inu amene mwangolandira pepala lanu sabata ino, litulutseni m'chikwama, mupeze munthu woti muwerenge naye, ndipo tsiku limene adokotala akupatsani musaliphonye.

Ine kwanditsalira diripi imodzi, kenako ndiyamba radiotherapy, chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu cha makina. Ndikamaliza ndipo mphamvu zikabwerera, ndikapereka dzina langa ndi nambala yanga kwa anamwino kuti azipatsa atsopano.

Ine wanu,
Mayi amene ali pa chithandizo